Manda Asanu pa Gombe la Chembe

Munthu amene wafika ku Cape Maclear koyamba sakhala ndi maganizo a imfa. Maso ake amathamangira ku madzi, ku zilumba za Thumbi ndi Domwe, ku mabwato a asodzi ndi ku usipa umene wayanikidwa pa matandala. Ana a sukulu amene amabwera pa basi nthawi ya tchuthi amatsika ali chifuulire, navula nsapato, nathamangira kukasambira. Dzuwa likapendeka amakweranso basi yao, otopa koma okondwa. Ambiri a iwo amabwerera kwao osadziwa kuti kumapeto kwa gombe lomwelo, chakumadzulo kwa mudzi wa Chembe, patsinde pa phiri la miyala, pali manda asanu amene akhala pamenepo zaka zoposa 140. Chodandaulitsa nchakuti aphunzitsi ena otsogolera maulendowa amadziwa za mandawo, koma amangowalambalala.

Kulambalalaku kuli ndi chifukwa chake, ndipo si chifukwa chopusa ayi. Pa mwambo wa Achewa ndi mitundu ina ya dziko lino, manda si malo ochezerako. Amakhala m'nkhalango yaoyao, mitengo yake sadula wamba, ndipo munthu salowamo popanda chilolezo cha mfumu. Mwana akaloza manda ndi chala amadzudzulidwa. Munthu wamkulu akapezeka kumanda yekhayekha kulibe maliro, anthu amamuganizira zaufiti. Tsono mphunzitsi amene anakula ndi mwambo umenewu sangaone chanzeru kutenga ana a eni ake, amene makolo ao anapereka ndalama kuti akaone nyanja, nkukawaimiritsa pa mitumbira.

Komatu manda a ku Chembe ndi achilendo. Ali pafupi ndi mchenga umene alendo amaotherapo dzuwa, m'kati mwa malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park amene Boma linakhazikitsa mu 1980. Ogona m'mandamo alibe mbale m'mudzi wa Chembe, alibe mdzukulu woti nkudzalambula. Anayi mwa iwo, Dr William Black, John Mackay, George Benzie ndi John Gunn, anali azungu a mishoni yochokera ku Scotland. Wachisanu, Shadrach Mngunana, anali munthu wakuda, Mxhosa wochokera ku South Africa, ndipo ntchito yake inali yauphunzitsi. Apa mpamene pagona nkhani. Mphunzitsi wa lero amene amafika pa gombe limeneli nabwerera osaima pamandapo amakhala atapitirira mnzake wa ntchito, mmodzi wa aphunzitsi oyambirira m'dziko lino, ndipo ana ake amakhala atawamana phunziro limene sangalipeze m'kalasi.

Anthuwa anafika bwanji kumeneko? David Livingstone atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dera la Ilala m'dziko limene lero ndi Zambia, mpingo wa Free Church of Scotland unagwirizana zokhazikitsa mishoni pa nyanja ino pomukumbukira. Mishoniyo anaitcha Livingstonia. Gulu loyamba linanyamuka ku London mu Meyi 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young, msilikali wapamadzi amene anali atayendapo kale m'Shire. M'gulumo munali sing'anga wachinyamata, Dr Robert Laws, munalinso mmisiri wa matabwa, wosula zitsulo, wokonza injini ndi mlimi. Anatenganso Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland, amene chaka chotsatira anasankha malo a mishoni ya Blantyre. Anabwera ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, yopangidwa mwakuti nkumasulidwa zidutswazidutswa. Anailumikiza pa mathiriro a Zambezi, nakwera nayo mtsinjewo ndi kulowa m'Shire kufikira pamene mathithi anawatsekera njira.

Pamathithipo ndi pamene mabuku ambiri amadutsa mwaliwiro, chonsecho mpofunika kudekhapo. Sitima siikwera mathithi. Anaimasulanso, ndipo mafumu a Makololo a ku chigwa cha Shire anasonkhanitsa anthu pafupifupi 800 amene anasenza zidutswazo pamutu ndi pamapewa, mtunda wa mamailosi ngati 60, m'nyengo yotentha, m'njira za miyala ndi minga, kukafika kumtunda kwa mathithiwo. Malipiro ao anali nsalu. Young mwini anachitira umboni kuti palibe kachitsulo ngakhale kamodzi kamene kanasowa. Wowerenga aganize: munthu mmodzi yekha akadatopa naponya katundu wake m'tchire nkuthawa, sitimayo sikadayandama. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja, sitima ya injini yoyamba kuyenda pa madzi amenewa. Mwana wa sitandade 6 amaloweza tsikuli ndi dzina la Laws. Za anthu 800 aja samva, ngakhale kuti mwina agogo a agogo ake anali m'gulumo.

Malo amene anasankha kumangapo anali okongola, monga alili mpaka lero. Livingstone ndiye anali atawatcha Cape Maclear polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Young anali munthu wapamadzi, choncho anayang'ana malowo ndi maso a woyendetsa sitima. Anaona gombe lamchenga lotetezeka ku mwera chifukwa cha mapiri, madzi odekha, ndi nkhuni zambiri zosonkhezera injini. Mfumu Mponda ya Ayao, imene inkalamulira dera limenelo, inawalola kukhala. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthaka yolima inali yochepa ndi yosabereka. Midzi yapafupi inali yowerengeka, kotero kuti anthu oti nkuwaphunzitsa anali ochepa. Mponda yemweyo anali m'kati mwa malonda a akapolo ndi amalonda ochokera ku gombe la nyanja yamchere, ndipo sanaone chifukwa chowasiyira. Amishoni anali atalamulidwa ndi akuluakulu ao kuti asamenye nkhondo ndi ogula akapolo, motero ankangoona misinkhu ya anthu omangidwa m'magoli ikudutsa.

Mdani woopsa koposa anali malungo. Dr Black anafika mu 1876 namwalira mu 1877, asanathe ndi chaka chomwe. Mngunana anamutsatira chaka chomwecho. Benzie, amene ankayendetsa Ilala, ndi Gunn, mlimi, anamwalira mu 1880. Nkwapafupi lero kuwaseka anthuwa kuti anamanga nyumba pa malo a udzudzu, koma nthawi imeneyo panalibe sing'anga pa dziko lonse amene ankadziwa kuti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo. Ankakhulupirira kuti matendawa amachokera mu mpweya woipa wa m'madambo. Kwinini anali naye, koma kumene nthendayo ikuchokera sankakudziwa. Kachirombo koyambitsa malungo anakaona koyamba m'magazi a munthu ndi Alphonse Laveran ku Algeria mu 1880, chaka chomwe Gunn ndi Benzie anaikidwa. Ronald Ross anadzakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Mphunzitsi wa sayansi ali ndi phunziro lathunthu pamenepa: anthu ophunzira, mmodzi wa iwo dokotala, anafa chifukwa chosadziwa chinthu chimene lero mwana wa sitandade 4 amachidziwa. Ndipo angafunse ana akewo kuti, poti iwo akudziwa, ndi angati anagona m'masikito usiku wathawu.

Za Mngunana ziyenera kufotokozedwa bwino, chifukwa ndiye amaiwalika. Mu 1876 Dr James Stewart, mkulu wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, anapempha ophunzira ake kuti ena adzipereke kukathandiza ku nyanja. Anasankhidwa anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Awa sanali onyamula katundu kapena ophika. Anali anyamata ophunzira, Akhristu, amene anasiya kwao mwa kufuna kwao nayenda ulendo wautali wapamadzi kudza ku dziko limene chinenero chake sankachidziwa. Mngunana anapatsidwa sukulu ya pa Cape Maclear, naphunzitsa ana kufikira pamene anadwala ndi kumwalira. Wauchope anabwerera msanga chifukwa cha matenda. Patapita zaka zambiri anadzafera m'nyanja yamchere pamene sitima ya Mendi, yonyamula antchito akuda a ku South Africa opita ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, inamira mu Febuluwale 1917. Ntintili anagwirako ntchito ku Blantyre nabwerera kwao. Koyi ndiye anakhalitsa. Popeza chinenero chake chinali chofanana ndi Chingoni, iye ndiye anatsegula njira kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, kumene mzungu payekha sakadamvedwa. Anakhala ku Njuyu namwalira komweko mu 1886.

Pofika 1881 chiwerengero chinali chomvetsa chisoni: zaka zoposa zisanu, ndalama zambirimbiri za anthu a ku Scotland, manda asanu, ndipo wobatizidwa mmodzi yekha. Ameneyu anali Albert Namalambe, amene anabwera kuchokera ku chigwa cha Shire kudzayang'anira ana a mfumu ya Makololo otumizidwa ku sukuluyo, nabatizidwa pa 27 Malichi 1881. Chaka chomwecho Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe pakati pa Atonga. Kumeneko anthu anali ambiri ndipo sukulu zinadzaza, koma malungo anawalondola, ndipo manda a ku Bandawe anaposa a ku Cape Maclear. Mu 1894 anasamukanso, ulendo uno kukwera phiri la Khondowe, kumene kuli Livingstonia imene anthu akuidziwa lero. Dzina linapita kumpoto. Ku Chembe kunatsala mitumbira.

Pali njira ziwiri zimene anthu amaonera manda amenewa, ndipo zonse ziwiri nzaulesi. Yoyamba ndi ya m'mabuku akale a sukulu ndi maulaliki ena: azungu olimba mtima anabwera ku dziko la mdima nataya miyoyo yao. Kulimba mtimako nkoona, ndipo wokana zimenezi ndiye kuti sanaganizepo za mnyamata amene akuona anzake akufa mmodzimmodzi iye nkukhalabe. Koma nkhani ikathera pomwepo imasanduka bodza. Imachotsa Mngunana, amene wagona pakati pao. Imachotsa osenza sitima aja. Imachotsanso anthu mazana angapo amene anadzakhala pa mishonipo, ambiri a iwo othawa ukapolo ndi nkhondo, amene ankalima, kudula nkhuni za sitima, kumanga nyumba ndi kutanthauzira mau. Kodi udzudzu unkaluma azungu okha? Anthu amenewanso ankadwala ndi kufa, ana ao ankafa, koma palibe mwala umene unalembedwa maina ao. Mlendo woganiza akaima pa manda asanuwo ayenera kudzifunsa kuti enawo anagona pati. Manda olembedwa amasonyeza amene anali ndi cholembera, osati okhawo amene anafa.

Njira yachiwiri ndi imene achinyamata ophunzira amaikonda masiku ano. Iwo amati: bwanji kuvutika ndi manda a alendo pamene malo a makolo a dziko lino ambiri sasamalidwa? Kodi amishoni sindiwo anakonzera njira atsamunda? Funsoli si lachabe, ndipo mphunzitsi asalithawe. Nzoona kuti pambuyo pa mishoni panabwera kampani ya malonda ya abale awiri a Moir mu 1878, imene anthu anaitcha Mandala. Nzoonanso kuti amishoni a ku Scotland anakakamiza boma la Britain kuti litenge dziko lino lisanatengedwe ndi Apwitikizi, ndipo mu 1891 linakhaladi pansi pa ulamuliro wa Britain. Chaka chomwecho Harry Johnston anamanga linga pafupi ndi kwa Mponda, limene linatchedwa Fort Johnston, lero Mangochi. Ulusi wochokera pa gombe la Chembe kukafika pa lingalo ulipo, ndipo wobisa zimenezi akunamiza ana.

Komabe kudziwa zimenezi ndi chifukwa chopitira pamandapo, osati chowalambalalira. Munthu sangaweruze mlandu asanaone malo amene unachitikira. Ndipo amene amati mandawa ndi a azungu okha amagwa m'dzenje lomwe lija la mabuku akale: nayenso wamufafaniza Mngunana. Wina amamuiwala pofuna kutama azungu, wina pofuna kuwadzudzula, koma onse awiri agwirizana kuti munthu wakuda sanachitepo kanthu pa chiyambi cha maphunziro m'dziko lino. Tsono sukulu zomwezo zimene zinaphuka kuchokera ku mishoniyi ndizo zinaphunzitsa anthu ngati Levi Mumba, mmodzi wa oyambitsa mabungwe a eni dziko ndi mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, ndi Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku South Africa mu 1919. Mxhosa anadzaphunzitsa ku nyanja. Patapita zaka makumi anayi Mtonga wophunzira ku Livingstonia anakatsogolera antchito ku dziko la Mxhosayo. Mbiri yotere siilola kuikidwa m'thumba limodzi lolembedwa "zabwino" kapena "zoipa".

Palinso china chokhudza aliyense wowerenga tsamba lino. Amishoni a UMCA anayesapo kukhazikika ku Magomero mu 1861, koma Bishopu Mackenzie atamwalira mu 1862 ntchitoyo siinakhalitse. Sukulu ya pa Cape Maclear ndiyo inayamba mzere umene sunadukenso. Pamenepo ana ankaphunzira kuwerenga m'Chinyanja. Alexander Riddel, mlimi wa m'gulu loyamba lija, anasonkhanitsa malamulo a chinenerochi ndi mndandanda wa mau ake, ndipo buku lakelo linasindikizidwa mu 1880. Laws anayamba kumasulira Uthenga Wabwino wa Marko ali komweko. Kalembedwe kao kanali kopunduka m'malo ambiri, pakuti ankalemba monga makutu a munthu wa ku Scotland amamvera, ndipo mau onsewo anachita kuuzidwa ndi eni chinenero amene maina ao sanalembedwe pachikuto. Koma Chichewa cholembedwa chimene mwana amalembera mayeso lero china mwa mizu yake chili pa gombe limenelo. Pomweponso mu 1876 Laws anachita opaleshoni atagonetsa wodwala ndi mankhwala a chloroform, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'dera lino. Kamudzi kamene anthu amati mishoni inalephererako kanayambitsa zinthu zambiri ndithu.

Nanga ulendo woyenera ungakhale wotani? Sufuna ndalama zoonjezera zambiri kupatula zolowera pachipata cha malo osungirako zachilengedwewo. Mphunzitsi ayambe wawauza ana nkhaniyi m'kalasi asananyamuke, ndipo awauzenso makolo kuti pa ulendowo padzakhala kuona manda akale, kuti pasadzakhale wodabwa. Akafika, apite kumandako m'mawa ana asanalowe m'madzi, chifukwa mwana wonyowa ndi wanjala samva mbiri. Mwambo wolemekeza manda usatayidwe poti ogonamo ndi alendo: pasakhale phokoso, kukhalira mitumbira kapena kutayapo mapepala a zakudya. Ana awerenge okha maina ndi zaka, awerengetsere kuti aliyense anakhala nthawi yotani asanamwalire, ayang'ane phiri, nyanja ndi nthaka, kenaka anene ngati iwo akadasankha malo amenewo. Ena adzati inde chifukwa cha doko, ena adzati ayi chifukwa cha minda. Mkangano umenewo ndiwo phunziro la mbiri. Kuloweza zaka ndi chiyambi chabe.

Achinyamata amene atsiriza sukulu nakhala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ali ndi gawo laonso. Ambiri a iwo amapeza kangachepe poperekeza alendo ku zilumba kukaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene tinachititsa bungwe la UNESCO kuika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, ndi kukaponyera nkhwazi nsomba. Ntchito imeneyi ndi yabwino. Koma mnyamata amene angathe kuimanso pamandapo nafotokoza za Mponda, za osenza sitima, za anyamata anayi a ku Lovedale, osawonjezera kapena kuchotsera, ali ndi chinthu chimene mnzake wongodziwa kupalasa bwato alibe. Mlendo wochokera ku South Africa akamva kuti pa gombe limeneli pagona Mxhosa mnzake kuyambira 1877 sangachoke msanga.

Mu 1883 mlendo wina wa ku Scotland, Henry Drummond, anaima pa Cape Maclear ali pa ulendo wake wa pa nyanja. Anapeza nyumba za mishoni zili chiimire, zaukhondo, koma mulibe mzungu ndi mmodzi yemwe. Munthu wina wa pamalopo anamutsogolera m'mitengo namuonetsa manda. Drummond atabwerera kwao analemba za malowo monga chithunzi cha chisoni, ndipo owerenga ake ambiri anamva ngati kumeneko kunatha zonse. Koma nyumba siidzisesa yokha. Pamene Laws ankapita ku Bandawe anasiya malowo m'manja mwa Albert Namalambe, wobatizidwa mmodzi uja, ndipo iye anatsala pa gombelo akuphunzitsa ana ndi kutsogolera mapemphero.